Kodi DNA ndi RNA zimakhala pati m'selo?

Katemera wa Covid-19 atangofika, mawu anayenda pa WhatsApp ndi m'maminibasi akuti katemerayo amasintha DNA ya munthu. Mu July 2025 kunamvekanso nkhani yochokera ku Newcastle, ku England, yoti ana 8 abadwa ali ndi DNA ya anthu atatu. Ndipo pakabuka mkangano wa mimba yokanidwa, mumamva achibale akuti, "Akayezetse magazi basi, DNA ili m'magazimo." Nkhani zitatuzi zimasokoneza anthu pa chifukwa chimodzi. Ambirife tinamva zoti DNA ilipo, koma palibe anatiuza kumene imakhala. Chonsecho malo akewo ndi amene amatiuza zimene ingachite, amene tinaitengerako, ndiponso mankhwala amene angaikhudze.

Ulusi wa mitundu iwiri

Thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo pafupifupi 30 thililiyoni, ang'onoang'ono moti saoneka popanda maikulosikopu. Selo si kathumba ka madzi chabe. M'kati mwake muli tizipinda tokhala ndi makoma akeake, kalikonse ndi ntchito yake, ndipo asayansi amatitcha ma organelle.

DNA ndi RNA ndi mamolekyu aatali ngati ulusi, ndipo dzina lake zonse pamodzi ndi ma nucleic acid. Ulusi uliwonse ndi mndandanda wa tizidutswa ta mitundu inayi timene timalembedwa ndi zilembo. Mu DNA zilembozo ndi A, C, G ndi T, pomwe mu RNA pamalo pa T pamakhala U. Uthenga wagona pa katsatanidwe ka zilembozo. Chigawo cha DNA chokhala ndi malangizo opangira chinthu chimodzi, kawirikawiri puloteni, chimatchedwa jini. DNA ndi ulusi uwiri wopotana ndipo imakhalitsa. RNA nthawi zambiri ndi ulusi umodzi, ndipo sichedwa kuphwanyika.

Woyamba kuigwira DNA anali Friedrich Miescher, dokotala wachinyamata wa ku Switzerland amene mu 1869 ankafufuza mumzinda wa Tübingen ku Germany. Ankatenga mabandeji ogwiritsidwa kale ntchito kuchipatala chapafupi, n'kutsukuluza mafinya ake kuti apeze maselo oyera a m'magazi. Atasungunula mbali zina zonse za maselowo n'kutsala ndi chipinda chapakati chotchedwa nyukiliyasi, anapezamo chinthu chokhala ndi phosphorus wambiri chimene sichinali puloteni. Anachitcha nuclein, ndipo mu 1889 Richard Altmann anabweretsa dzina loti nucleic acid.

Kwa zaka zambiri pambuyo pake akatswiri ankakhulupirira kuti DNA ndi ya nyama, RNA ndi ya zomera, chifukwa yoyambayo ankaitenga m'chiwalo china cha ana a ng'ombe, yachiwiriyo mu yisiti. Mu 1924 Robert Feulgen anatulukira utoto umene umagwira DNA yokha, ndipo utotowo unagwira nyukiliyasi za zomera monga mmene unagwirira za nyama. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1940, Jean Brachet ku Brussels ndi Torbjörn Caspersson ku Stockholm anaona kuti RNA imachuluka kunja kwa nyukiliyasi, makamaka m'maselo amene akupanga mapuloteni ambiri. Apa mpamene zinadziwika kuti maselo a nyama ndi a zomera omwe ali ndi zonse ziwiri, kungoti zimakhala m'malo osiyana.

Kuti tisasochere, tiyerekeze selo ngati mudzi. Kwa amfumu kuli kaundula, buku lalikulu limene silituluka m'nyumba. Mmisiri akafuna malangizo, mlembi amakopera tsamba limodzi pakapepala n'kumutumizira, ndipo ntchito ikatha kapepalako kamang'ambidwa. Kaundulayo ndi DNA, kapepalako ndi RNA. Koma m'mudzi womwewo mulinso obwera amene anakhazikika kalekale, ndipo iwowa anasunga timabuku tawotawo.

Nyukiliyasi, kumene kuli DNA yambiri

Nyukiliyasi ndi chipinda chachikulu kwambiri m'maselo ambiri. Amene anachipatsa dzina ndi Robert Brown mu 1831, akuyang'ana maselo a maluwa a orchid. Chili ndi makoma awiri okhala ndi timabowo tambirimbiri tomwe timasankha choti chilowe ndi choti chituluke. M'menemo ndi mmene muli ma chromosome, omwe ndi timitolo ta DNA yokulungidwa. Alipo 46, 23 ochokera kwa mayi ndi 23 ochokera kwa bambo, ndipo gulu lililonse lili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Zoti DNA ndiyo imanyamula chibadwa zinaonetsedwa mu 1944 ndi Oswald Avery ndi anzake ku New York. Kapangidwe kake kopotana kanafotokozedwa mu 1953 ndi James Watson ndi Francis Crick, amene anadalira zithunzi ndi miyeso ya Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins.

Mutatambasula DNA ya m'selo limodzi lokha ingafike mamita 2. Komatu m'mimba mwa nyukiliyasi kawirikawiri simupitirira gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita. Imakwanamo chifukwa imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone, kenako n'kupindidwa mobwerezabwereza. Kapindidweko kamachitanso ntchito ina. Mbali imene yamangidwa zolimba siwerengedwa, pomwe imene yamasulidwa imawerengedwa. N'chifukwa chake selo la chiwindi ndi selo la ubongo zili ndi DNA yofanana koma zimachita zosiyana kotheratu.

Nanga za magazi zija? Maselo ofiira, amene amapatsa magazi mtundu wake, alibe DNA. Akamakhwima m'mafuta a m'mafupa amalavula nyukiliyasi yawo, amatayanso tizipinda tina tonse, kuti malo onse atengedwe ndi hemoglobin wonyamula mpweya. Amayenda masiku pafupifupi 120 n'kufa osaberekana. Ndipo maselo amenewa ndiwo ochuluka kuposa ena onse m'thupi, oposa 4 mwa maselo 5 aliwonse. Ndiye tikawerenga selo ndi selo, maselo ambiri a thupi lanu alibe DNA n'komwe. Amene amayeza magazi pofuna kudziwa bambo wa mwana amatenga DNA ya m'maselo oyera, omwe aja a Miescher. Kupukuta m'kati mwa tsaya ndi kathonje kumapereka yankho lomwelo popanda kubaya munthu. Nkhuku ndi nsomba n'zosiyana nafe pamenepa, chifukwa maselo awo ofiira amasunga nyukiliyasi moyo wawo wonse.

RNA, yomwe sikhala malo amodzi

RNA imapangidwa mu nyukiliyasi pokopera DNA, koma yambiri imakagwira ntchito kunja, m'madzi okhuthala odzaza selo otchedwa cytoplasm. Imene yatchuka masiku ano ndi mRNA, kapepala kauthenga kaja, komwe Sydney Brenner, François Jacob ndi Matthew Meselson anatsimikizira mu 1961 kuti kalipodi. Ngakhale yatchuka choncho, ndi yochepa kwambiri, magawo ochepa chabe pa 100 a RNA yonse ya m'selo, ndipo yambiri imaphwanyidwa pakangopita maola.

Pafupifupi magawo 80 pa 100 a RNA ali m'ma ribosome, timakina tolumikiza mapuloteni. George Palade anatiwona mu 1955 pogwiritsa ntchito maikulosikopu ya ma electron, tili ngati timadontho takuda. Selo limodzi likhoza kukhala ndi mamiliyoni a timakinati. Tina timayandama mu cytoplasm, tina timamatirira pa makoma a endoplasmic reticulum, kumene kumapangidwa mapuloteni otumizidwa kunja kwa selo monga insulin. Zigawo za ribosome zimasonkhanitsidwa pamalo othinana m'kati mwa nyukiliyasi otchedwa nucleolus, kenako zimatuluka pa timabowo tija. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti pakatikati pa ribosome, pamene tizidutswa ta puloteni timalumikizidwira, ntchitoyo imagwiridwa ndi RNA yeniyeniyo. Palinso tRNA, yaifupi, imene imatuta tizidutswato kupita nato ku ribosome.

Katemera wa Pfizer ndi wa Moderna ndi mRNA yokutidwa m'timadontho ta mafuta. Timadonthoto tikalowa m'selo timasiya uthengawo mu cytoplasm, ma ribosome amauwerenga n'kupanga puloteni yakunja kwa kachilombo ka corona, chitetezo cha thupi chimaiphunzira, ndipo uthengawo umaphwanyidwa. Kuti usinthe kaundula pangafunike zinthu zitatu: usandulike DNA, ulowe mu nyukiliyasi, ndipo usokereredwe mu chromosome. Katemerayo sanyamula zida zochitira zimenezi. Katemera wa AstraZeneca, amene anali woyamba kufika ku Malawi mu March 2021, komanso wa Johnson & Johnson, amayenda njira ina. Amanyamula DNA m'kachilombo kofooketsedwa kotchedwa adenovirus, ndipo DNA imeneyo imalowadi mu nyukiliyasi kuti ikopedwe. Koma imakhala payokha, sinakonzedwe kuti ilumikizike ku ma chromosome. Ndi bwino kusiyanitsa mitundu iwiriyi, chifukwa amene amati "katemera aliyense safika mu nyukiliyasi" sakunena zoona zonse, chimodzimodzinso amene amati kufika mu nyukiliyasi ndiye kusintha chibadwa.

Mitochondria, obwera okhala ndi DNA yawo

Mitochondria ndi tizipinda timene timatenga shuga ndi mafuta a m'chakudya, pamodzi ndi mpweya umene timapuma, n'kutulutsa mphamvu yoyendetsera selo. Maselo a mtima, ubongo ndi minofu ali nayo yambiri. Mu 1963 ku Stockholm, Margit Nass ndi Sylvan Nass anaona timaulusi m'kati mwa mitochondria ya mwanapiye wosaswa, ndipo timaulusito tinkasungunuka akathira mankhwala ophwanya DNA. Chaka chotsatira Gottfried Schatz ndi anzake ku Vienna anapeza zomwezo mu yisiti. Mu 1981 gulu la Frederick Sanger ku Cambridge linawerenga DNA yonse ya mitochondria ya munthu. Ili ndi zilembo 16,569 zokha, zolumikizana mozungulira ngati mphete, ndi majini 37. Mwa amenewa 13 ndi opangira mapuloteni, 22 ndi a tRNA, ndipo 2 ndi a RNA ya ma ribosome a m'mitochondria momwemo.

Kuyerekeza ndi zilembo 3 biliyoni zija, kabuku aka n'kochepetsetsa. Koma pomwe nyukiliyasi ili ndi makope awiri okha a chromosome iliyonse, selo limodzi limakhala ndi timphete ta mitochondria mazana kapena masauzande, ndipo dzira la mayi lili nato toposa 100,000. N'chifukwa chake ofufuza akapeza fupa lakalekale kapena tsitsi lopanda muzu, kumene DNA ya nyukiliyasi inaphwanyika kale, nthawi zambiri amapezabe ya mitochondria.

Inachokera kuti DNA imeneyi? Mu 1905 Konstantin Mereschkowski wa ku Russia ananena kuti tizipinda tobiriwira ta m'masamba tinali tizamoyo todziimira patokha. Ochepa anamumvera. Mu 1967 Lynn Margulis anadzutsanso ganizoli n'kulikulitsa, m'nkhani imene magazini ambiri a sayansi anayamba aikana. Lero akatswiri pafupifupi onse amavomereza kuti zaka zoposa 1.5 biliyoni zapitazo bakiteriya wina analowa m'selo lina, sanagayidwe, ndipo anakhazikika. Zizindikiro zake zikadalipo: DNA yozungulira ngati ya mabakiteriya, ma ribosome ofanana ndi a mabakiteriya, makoma awiri, ndiponso kuchulukana mwa kugawikana pakati. Pakupita kwa nthawi majini ambiri a wobwerayo anasamukira mu nyukiliyasi kapena anatayika. Mitochondria ya lero imafuna mapuloteni oposa 1,000, koma imadzipangira 13 okha. Ena onse malangizo ake ali kwa amfumu, mu nyukiliyasi.

Mitochondria timaitenga kwa mayi okha. Umuna umabweretsa yochepa, ndipo imeneyo imawonongedwa dzira likangolandira umunawo. Kwa Achewa, amene amawerenga mbumba potsata bere, njira yake ndi yodziwika kale. Kuchokera kwa agogo aakazi imapita kwa amayi, kwa amayi imapita kwa ana onse, koma amene amaipitiriza ndi ana aakazi okha. Malume ali ndi DNA ya mitochondria yofanana ndi ya ana a mlongo wawo, pomwe ana awo obereka okha amatenga ya mayi awo. Umu ndi mmene DNA imeneyi inathandizira kuzindikira mafupa a mfumu Richard III ya ku England, imene inafa mu 1485 ndipo inafukulidwa mu 2012 pansi pa malo oimikapo magalimoto ku Leicester: anayerekeza ndi anthu amoyo ochokera kwa mlongo wake, Anne of York, kudzera mwa akazi okhaokha. Mwa njira yomweyo, mu 1987 Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson anayeza anthu 147 a m'madera osiyanasiyana n'kupeza kuti mizere yonse imakakumana mwa mayi mmodzi amene anakhala ku Africa zaka pafupifupi 200,000 zapitazo. Sikuti mayiyo anali yekha padziko. Anzake analipo ambiri, koma mizere yawo ya ana aakazi inadukira panjira. Pa mlandu wa mimba yokanidwa, DNA imeneyi singathandize chilichonse, chifukwa sinena za bambo.

Timphete timeneti tikawonongeka, zimene zimayamba kuvutika ndi ziwalo zofuna mphamvu zambiri. Pali matenda monga Leigh syndrome, amene amawononga ubongo wa makanda, ndi ena ochititsa khungu achinyamata. Palinso chitsanzo chimene ambiri amene anayamba kumwa ma ARV kalekale amachikumbukira: masaya kulowa, matako ndi miyendo kuwonda, mapazi kuchita dzanzi kapena kutentha. Mankhwala a stavudine, amene anali m'gulu la ma ARV oyamba kuperekedwa kwa anthu ambiri, anapangidwa kuti atseke chida chimene HIV imakoperera uthenga wake, koma ankasokonezanso chida chokopera DNA ya mitochondria. Anapulumutsa miyoyo yambiri pa nthawi imene panalibe ena otsika mtengo, ndipo mu 2010 bungwe la WHO linalangiza mayiko kuti ayambe kuwasiya.

Ana 8 a ku Newcastle aja anabadwa kwa amayi amene mitochondria yawo ili ndi vuto loti likanapita kwa mwana. Madokotala anatenga dzira la mayi ndi dzira la mayi wina wopereka, onse awiri anawakumanitsa ndi umuna, kenako anachotsa DNA ya nyukiliyasi ya makolo enieniwo n'kuiika m'dzira la woperekayo, lomwe anali atalichotsa yake. Mwanayo ali ndi ma chromosome 46 a mayi ndi bambo ake, ndi majini 37 a mitochondria a mayi winayo, omwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a DNA yake. Dziko la Britain linaloleza njirayi mu 2015. Oikonda amati ikupulumutsa mabanja amene aika m'manda ana motsatizana. Oikayikira amati mwana wamkazi wobadwa motere adzapatsira ana ake kusinthako, ndipo mibadwo imeneyo sinafunsidwe.

Tsamba la fodya, malungo ndi kaodzera

Zomera zili ndi wobwera wachiwiri, chloroplast, kachipinda kobiriwira kamene kamagwira kuwala kwa dzuwa n'kupanga shuga. Kale mu 1909 Carl Correns anaona kuti pa duwa lina la masamba amawangamawanga, mtundu wa masamba a mbewu yatsopano unkatsata nthambi imene inabereka njere, mosaganizira kumene mungu unachokera. Chifukwa chake chinadziwika mu 1962, Hans Ris ndi Walter Plaut ataona DNA m'kati mwa chloroplast. Imodzi mwa ziwiri zoyamba kuwerengedwa yonse inali ya fodya, mu 1986 ku Japan, ndipo ili ndi zilembo pafupifupi 156,000 ndi majini oposa 100. Choncho m'selo limodzi la tsamba la fodya kapena la chimanga DNA ili m'malo atatu: mu nyukiliyasi, mu mitochondria ndi mu chloroplast. Malo atatuwa amagwirizana kwambiri. Puloteni yotchedwa rubisco, imene imagwira mpweya wa carbon dioxide, ili ndi zigawo za mitundu iwiri. Chachikulu malangizo ake ali mu chloroplast, chaching'ono ali mu nyukiliyasi, ndipo zimakakumana m'kati mwa chloroplast.

Chodabwitsa n'chakuti kachilombo ka malungo, Plasmodium, nakonso kali ndi DNA m'malo atatu. Kupatula ma chromosome 14 a mu nyukiliyasi ndi DNA yochepa kwambiri ya mitochondria, ya zilembo pafupifupi 6,000, kali ndi kamphete kena ka zilembo pafupifupi 35,000. Cha m'ma 1996 zinadziwika kuti kampheteka kamakhala m'kachipinda ka makoma anayi komwe ndi chloroplast yakale imene inasiya kugwira dzuwa. Kachipindako kanatchedwa apicoplast. Makolo akutali a kachilombo ka malungo anameza ndere n'kuisunga. Popeza ma ribosome a m'kachipindaka ndi a mtundu wa mabakiteriya, mankhwala ena opha mabakiteriya monga doxycycline ndi clindamycin amaphanso malungo. Amapha mochedwa, chifukwa kachilombo koyambako kamapitirira kukhala moyo, ndipo amene amafa ndi ana ake, omwe alandira apicoplast yowonongeka. Ndicho chifukwa chake doxycycline amapatsidwa kwa apaulendo kuti apewe malungo, koma saperekedwa yekha kwa munthu amene wadwala kale.

Kachilombo ka kaodzera, Trypanosoma, kamene kashembe amafalitsa m'madera oyandikana ndi nkhalango za Vwaza ndi Nkhotakota, kali ndi mitochondria imodzi yokha yaitali. DNA yake ndi timphete masauzande tokolekana ngati unyolo, tounjikana pamalo amodzi otchedwa kinetoplast. Ndi yochuluka moti pa maikulosikopu imaoneka ngati kadontho kachiwiri pafupi ndi nyukiliyasi. Majini ena a m'menemo amakhala osakwanira zilembo, ndipo zosowazo zimawonjezeredwa pa RNA itakopedwa kale. Rob Benne ndi anzake ku Amsterdam ndiwo anatulukira zimenezi mu 1986.

Zopanda nyukiliyasi

Mabakiteriya alibe nyukiliyasi. Chromosome yawo, kawirikawiri imodzi yozungulira, imangokhala yopindika pakati pa selo popanda khoma, moti ma ribosome amayamba kuwerenga RNA isanathe n'kukopedwa komwe. Ambiri ali ndi timphete tina tapadera totchedwa plasmid, dzina limene Joshua Lederberg anapereka mu 1952. Timeneti amapatsirana ngakhale a mitundu yosiyana, ndipo nthawi zambiri timanyamula majini okana mankhwala. Iyi ndi njira imodzi yaikulu imene mankhwala ogwira ntchito chaka chino amalephererera zaka zingapo kutsogolo.

Mavairasi si maselo. Ndi DNA kapena RNA yokutidwa m'chikwama cha puloteni, ndipo sachulukana mpaka atalowa m'selo la wina. Pamenepanso malo ndiwo amasiyanitsa. Kachilombo ka corona ndi ka RNA, ndipo kamachitira zonse mu cytoplasm. HIV nayo ndi ya RNA, koma imabwera ndi zida ziwiri zimene katemera wa mRNA uja alibe. Choyamba ndi reverse transcriptase, chosandutsa RNA kukhala DNA, chimene Howard Temin ndi David Baltimore anatulukira mu 1970 m'mavairasi a mtundu womwewu. Chachiwiri ndi integrase, chimene chimadula chromosome n'kusokereramo DNA ya kachilomboko. Tsamba lachilendo likalowa m'kaundula motero, limakhala m'menemo moyo wonse wa selolo. Dolutegravir, amene ali m'mapiritsi a ma ARV omwe ambiri akumwa ku Malawi kuyambira 2019, amatseka integrase kuti maselo atsopano asalowedwe. Sachotsa zimene zinalembedwa kale, n'chifukwa chake munthu akasiya mankhwala kachilomboko kamadzukanso. Zotere zakhala zikuchitika kuyambira kalekale. Pafupifupi magawo 8 pa 100 a DNA ya munthu aliyense ndi zotsalira za mavairasi amene analowa mwa makolo athu akutali, ndipo jini imodzi yotere imathandiza kupanga nsengwa.

Tizidutswa ta DNA timapezekanso kunja kwa maselo, tikuyandama m'madzi a magazi, tochokera m'maselo akufa. Mu 1997 Dennis Lo anaonetsa kuti m'magazi a mayi woyembekezera muli DNA ya mwana, ndipo lero imayezedwa pofufuza matenda ena popanda kufika m'chiberekero. Koma DNA ikapezeka mu cytoplasm, kumene siyenera kukhala, selo limatenga ngati lalowedwa ndi mdani n'kuchenjeza chitetezo cha thupi. Puloteni yolondera zimenezi, cGAS, inatulukiridwa ndi gulu la Zhijian Chen mu 2013.

Zimene sizinathe kumveka

Ngati majini ambiri anasamukira mu nyukiliyasi, n'chifukwa chiyani ochepa aja anatsala mu mitochondria? Ena amati mapuloteni akewo sagwirizana ndi madzi, choncho n'kovuta kuwanyamula kuchokera kutali. Ena amati mitochondria iliyonse imafunika kudzilamulira msanga mphamvu ikasinthasintha, osadikira uthenga wochokera kwina. Mwina zonse ziwiri n'zoona. Funsoli lakula chifukwa mu 2016 kunapezeka kachilombo kotchedwa Monocercomonoides, kokhala ndi nyukiliyasi koma kopanda mitochondria.

Zoti mitochondria imachokera kwa mayi okha nazonso zili ndi pokayikitsa. Mu 2002 ku Copenhagen kunapezeka mwamuna amene minofu yake inali ndi mitochondria ya bambo ake, ndipo mu 2018 ofufuza ena analengeza za anthu 17 a m'mabanja atatu ooneka chimodzimodzi. Anzawo anatsutsa, ponena kuti zimene zinaonekazo zikhoza kukhala zidutswa za DNA ya mitochondria zomwe zinalowa mu chromosome ya bambo. Zidutswa zotere zilipodi, ndipo kafukufuku wa mu 2022 ku Britain anapeza kuti chatsopano chimalowa mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 4,000 obadwa.

Pa ana a ku Newcastle, mitochondria pang'ono ya mayi imatha kutsatira posamutsa, ndipo mwa ena mwa anawo inapezeka, ngakhale pamlingo wosafika poyambitsa matenda. Ngati ingachuluke anawo akamakula, yankho lidzabwera ndi zaka zowatsatira.

Pa katemera wa mRNA, mu 2022 ofufuza a ku Lund ku Sweden anathira katemera wa Pfizer pa maselo a khansa ya chiwindi osungidwa mu labotale, ndipo anapeza zidutswa zake zitasanduka DNA. Sanaonetse kuti zinalowa mu chromosome, ndipo ena anati maselo a khansa m'mbale sachita zinthu ngati maselo a munthu wamoyo. Mpaka pano palibe umboni woti katemerayo amasintha ma chromosome a anthu obayidwa. Kutalika kwenikweni kwa nthawi imene mRNA yake imakhala m'ziwalo zosiyanasiyana kukufufuzidwabe, popeza ena anaipeza m'timwanabere patapita masabata angapo.

Ofuna kuchiza HIV akuyesa kudula DNA yake m'ma chromosome pogwiritsa ntchito chida chotchedwa CRISPR, koma sanapeze njira yofikira selo lililonse limene kachilomboko kabisalamo. Ndipo mapu a malo a RNA akadajambulidwabe. Mu 2021 Ryan Flynn ndi Carolyn Bertozzi ku Stanford anapeza RNA yomatidwa shuga ili panja pa khoma la selo, kumene palibe ankaiyembekezera. Mmene imafikira kumeneko ndi ntchito zonse zimene imagwira zikufufuzidwabe.